Sikana Imamva CB, Koma Osati ndi Kaeriyo Kake

Sikana ndi wailesi yongomvetsera, yosatumiza mawu, imene imayendera mafunde ambirimbiri mothamanga n'kuima pomwe yapeza anthu akulankhula. Zambiri zogulitsidwa ku America, monga Uniden Bearcat BC125AT, zimagwira mafunde kuyambira pa 25 MHz kupita m'mwamba, motero wogula amayembekezera kumva oyendetsa mathiraki akucheza pa wailesi zawo za CB. Akatchera tchanelo 19, kumene madalaivalawo amakonda kusonkhana, amangomva mkokomo wokhawokha, mwina ndi liwu lodukaduka pamene thiraki ikudutsa pamsewu wapafupi. Ambiri amathamangira kunena kuti anagula chinthu chachabechabe. Ine ndikuona kuti makinawo akunamiziridwa, chifukwa mbali yaikulu ya vutoli ili pa eriyo.

Bungwe loyang'anira za mauthenga ku America la FCC linatsegula CB pa 27 MHz mu 1958 ndi matchanelo 23, omwe anawonjezedwa kufika 40 mu 1977, kuyambira pa 26.965 mpaka 27.405 MHz. Wailesizi zinatchuka mafuta atasowa mu 1973 ndiponso boma litaletsa kuthamanga kupitirira mamailosi 55 pa ola, pamene madalaivala ankauzana kumene kuli dizilo ndi kumene apolisi abisala. Lamulo limalola mawati 4 okha pa AM, mphamvu yochepa ndithu, choncho womvetsera ayenera kukokera mafundewo ndi eriyo yoyenera.

Funde limodzi la 27 MHz ndi lotalika pafupifupi mamita 11, ndipo eriyo imagwira bwino ikakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kumeneko, kutanthauza mamita 2.7 kapena kuchepera pang'ono. N'chifukwa chake ku America mumaona magalimoto atanyamula chitsulo chowonda cha mainchesi 102 chikugwedezeka kumbuyo. Tsono kaeriyo kamphira kobwera ndi sikana ya m'manja n'kotalika ngati chikhatho basi, ndipo anakapangira mafunde aafupi a kufupi ndi 150 ndi 450 MHz, amene amagwiritsidwa ntchito ndi sitima zapamadzi, ozimitsa moto ndi makampani. Zili ngati nsambo ya gitala: yaifupi singatulutse liwu lalikulu la besi ngakhale woimba akhale katswiri bwanji. Umboni wabwino uli ku Australia, kumene CB yotchuka ili pa 477 MHz. Kumeneko eriyo ya masentimita 16 ndi yokwanira, ndipo sikana yomweyo, ndi kaeriyo komweko, imamva bwino lomwe.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi kugula sikana yodula. Ndalama zowonjezerazo nthawi zambiri zimalipirira luso lomvera mauthenga a dijito a apolisi ndi maofesi a boma, zomwe CB ilibe nazo ntchito, ndipo sikana yodulayo imabweranso ndi kaeriyo kakafupi. Winanso angatsutse kuti iye anamvapo munthu wa kutali kwambiri ndi kaeriyo kamphira komweko. Zimenezo zimachitikadi, koma si kaeriyo kamene kagwira ntchito. Dzuwa limasinthasintha ukali wake pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndipo likafika pachimake, monga zinalili cha mu 2024, mpweya wa m'mwamba kwambiri umabweza mafunde a 27 MHz kudziko, n'kukawagwetsa mtunda wa makilomita masauzande. Komanso ena mwa omveka chonchowo amaphwanya lamulo poika makina okweza mphamvu kutali kupitirira mawati 4. Kumva munthu wotere sikutsimikiza kuti mudzamva dalaivala womvera lamulo amene ali makilomita 10 kuchokera pakhomo panu.

Pali malire ena amene eriyo singachotse, ndipo apa odandaula ali ndi mfundo. Ena pa CB amalankhula mwa njira ya SSB, imene lamulo limailola mawati 12 ndipo imapezeka kwambiri pa matchanelo 36 mpaka 40. Sikana wamba zimadziwa AM ndi FM zokha, choncho mawu a SSB amatuluka osokonekera, osamveka n'komwe. Ofuna kumva amenewo agule wailesi ya shortwave yokhala ndi SSB, kapena wailesi ya CB yeniyeni yokhalanso ndi SSB, imenenso imasefa bwino matchanelo oyandikana, popeza ambiri amatalikirana ndi 10 kHz yokha. Pamafunikanso kutchera njira yoyenera: Britain inaloleza CB mu 1981 pa FM, ndipo FCC inavomereza FM mu 2021, kotero sikana yotcheredwa pa AM ikakumana ndi wolankhula pa FM imatulutsa mawu otsika ndi ophwanyika, mwini wake n'kumaganiza kuti yawonongeka.

Mdani wina ali m'nyumba momwemo. Matchaja a foni, mababu a LED ndi makompyuta amatulutsa phokoso lambiri pa mafunde otsika ngati awa, ndipo womvetsera akakweza batani lotsekera mkokomo kuti apumule, amatsekera kunja ndi mawu ofooka omwe. Choyenera kuyamba nacho n'chotsika mtengo: waya wa mamita 2.7 woimikidwa chilili panja, pamwamba, kutali ndi nthambo za magetsi, wolumikizidwa ku sikana ndi chingwe cha eriyo, kapena eriyo ya CB ya maginito yomata padenga la galimoto. Sikana zina zazing'ono zimalemedwa ndi eriyo yaikulu, mawailesi amphamvu a pafupi n'kuyamba kulowerera, koma zambiri zili ndi batani lochepetsa mphamvu ya mafunde olowa, lomwe limathetsa zimenezo. Munthu ayese zimenezi kaye, pafupi ndi msewu waukulu, masana pamene mathiraki ali pa ulendo, asanaweruze makina ake.