Nthabwala Zonyodola Andale pa Nthawi ya Nkhondo: Citsanzo ca ku Ukraine

1. Mau Oyamba

M'nkhani ino tiona m'mene nthabwala za stand-up, zimene wanthabwala amakamba ataimirira yekha pamaso pa anthu, zinasinthira ku Ukraine kuyambira pa 24 February 2022, tsiku limene asilikali a Russia analowa m'dzikolo mwamphamvu. Mfundo yathu ndi yakuti pa nthawi ya nkhondo wanthabwala amalimbana kwambiri ndi mau amene olamulira amabisira coonadi.

2. Malo ndi Cinenero

Kunyodola andale si kwacilendo ku Ukraine. Volodymyr Zelensky, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 2019, anachukira m'gulu la anthabwala la Kvartal 95. Nkhondo itakula, anthabwala sanaleke nchito yao. Mu March 2022, mumzinda wa Sumy, pafupi ndi malire a Russia, anaseketsa anthu m'cipinda capansi cobisalamo mabomba. Ambiri anayamba kupereka ndalama za pakhomo kwa asilikali. Enanso amene kale ankaseketsa m'cinenero ca ku Russia anacisiya, nayamba kulankhula ca ku Ukraine cokha. Motero cinenero cimene munthu wasankha cinasanduka cizindikiro ca mbali imene waima.

3. Kunyodola Mau a Boma

Boma la Russia linakana mau akuti nkhondo, nkumati ikucitikayo ndi “nchito yapadera ya asilikali”. Lamulo la pa 4 March 2022 linaika cilango cofika zaka 15 m'ndende kwa wofalitsa zimene boma likuti ndi mabodza onena za asilikali. Conco wanthabwala wa ku Russia anamangika pakamwa, pamene mnzake wa ku Ukraine anapeza nkhokwe ya nthabwala m'mau obisawo.

Citsanzo codziwika ndi mau akuti khlopok. Ofalitsa nkhani a ku Russia, pofuna kucepetsa nkhani ya kuphulika kwa mabomba m'dziko lao, ankalemba mauwa, amene amatanthauza kaphokoso konga ka kuomba m'manja. Koma tanthauzo limeneli limabwera pokhapokha wolankhula akatsindika phatikizo laciwiri. Akatsindika loyamba, mauwo amatanthauza thonje. Popeza kutsindikako sikuoneka polemba, makina omasulira anapereka mau a ku Ukraine akuti bavovna, ndiye kuti thonje. Kucokera apo, anthabwala ndi anthu wamba omwe akamva kuti kwaphulika ku Russia amangoti kwabereka thonje.

Aphunzitsi a Cinyanja sangadabwe ndi zimenezi. Mau akuti mtengo, tikakweza liu pa phatikizo la te, amanena comera ca m'nkhalango. Tikapanda kukweza, amanena ndalama zogulira cinthu. Zilembo n'zimodzi, koma khutu limasiyanitsa.

4. Mathero

Tiyenera kuzindikira vuto limene wanthabwala amakumana nalo. Kuseka mdani n'kosavuta, pakuti omvera onse ali mbali imodzi. Cobvuta ndi kuseka atsogoleri ako pamene abale a omvera ali kunkhondo, cifukwa kudzudzula kungamveke ngati kugulitsa dziko. Komabe akangokhala cete pa zolakwa za kwao, nthabwala zake zimasanduka nyimbo zotamanda boma. Tikuona kuti wofufuza nthabwala zotere ayenera kufunsa mafunso atatu: akusekedwa ndani, m'cinenero citi, ndipo wosekayo angalipire ciani.