Chifukwa chomwe eni mapuloti akumangira nyumba zing'onozing'ono kuseri

Eni mapuloti ambiri m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre akumanga nyumba zing'onozing'ono kuseri kwa nyumba zawo, zomwe anthu amazitcha boyizi kota.

Dzinali linachokera m'nthawi ya atsamunda pomwe nyumba zoterezi zinkamangidwira antchito apakhomo, koma masiku ano zasanduka njira yopezera ndalama.

Gwero la mchitidwewu ndi kuchepa kwa nyumba m'tauni. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318 pamene mu Blantyre munali anthu 800,264. Nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, sizikwanira onse ozifuna.

Kaamba ka ichi, ophunzira a m'sukulu zaukachenjede ndi achinyamata ongoyamba kumene ntchito amafunafuna chipinda chimodzi kapena ziwiri zalendi yotsika.

Kwa mwini puloti, kumanga kuseri n'kosaboola m'thumba poti malo ali nawo kale, ndipo madzi ndi magetsi zili pafupi. Ndalama yalendi imathandiza kulipira fizi ya ana komanso kusamala opuma pantchito omwe penshoni yawo siikwana.

Ena amasungamo makolo okalamba kapena achibale ochokera kumudzi. Enanso amayamba ndi kanyumbaka n'kumakhalamo uku akumanga nyumba yaikulu pang'onopang'ono.

Komabe, lamulo la Physical Planning Act la mu 2016 limafuna kuti womanga ayambe wapeza chilolezo kudzera kukhonsolo. Womanga popanda chilolezo angathe kulamulidwa kugwetsa nyumbayo, ndalama zake n'kulowa m'madzi.