Kakombo wa Makolo Awiri

Mlimi amene anabzalapo cimanga ca SR52 adziwa kuti mbeu ya haibridi imacokera ku mitundu iwiri imene akatswiri aikwatitsa. Koma m'nyanja zozizira za ku Ulaya muli kakombo amene anabadwa motero popanda dzanja la munthu. Dzina lake ndi Nuphar spenneriana, ndipo analichula ndi Jean Gaudin wa ku Switzerland m'caka ca 1828.

Kakomboyu ali ndi maluwa acikasu, osati oyera kapena obiriwira ngati a m'madambo athu. Kholo lake loyamba ndi Nuphar lutea, wa masamba akulu ndi maluwa onunkha ngati mowa, amene amamera m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. Kholo laciwiri ndi Nuphar pumila, wamng'ono, amene amakonda madzi ozizira a kumapiri a Scotland ndi a Alps. Awiriwa akamera moyandikana, nchenche ndi njuci zimanyamula mungu wa duwa lina kupita nao ku linzake, ndipo mbeu yobadwayo imatenga mbali zonse ziwiri.

Akatswiri amamzindikira poyang'ana kambale kamene kali pakati pa duwa. Ka kholo lalikulu nkozungulira bwino. Ka kholo laling'ono kali ndi mano ngati nyenyezi. Ka mwanayo nkopindikapindika pang'ono cabe. Masamba ndi maluwa ake nawonso ndi a msinkhu wapakati.

Mungu wake wina ndi wosabala, koma iye safa msanga. Tsinde lake limayanga pansi m'matope ndi kuphukira masamba atsopano caka ndi caka. Ncifukwa cake amapezeka ngakhale m'nyanja zina mmene mulibe kholo lake laling'ono, monga kumpoto kwa England.

Apa ndiye pali nkhawa. Nuphar pumila ndi wosowa kale m'maiko a ku Alps. Kumene kholo lalikulu lafika, mungu umasakanizika, mwana nakwatirananso ndi makolo ake, mpaka mtundu weniweni wa kakombo wamng'onoyo umayamba kuzimirira. Zifanana ndi cimanga ca makolo cobzalidwa pafupi ndi munda wa haibridi: pakapita nyengo zingapo, mbeu ya m'nkhokwe siikhalanso ija anasiya agogo. Motero osunga zacilengedwe kumeneko aona kuti kuteteza kakombo wamng'onoyo ndiko kusunga nyanja zake kutali ndi mbale wake wamkulu.