Kukaonetsa Ana Chipululu cha Namib: Dzuwa Ndilo Lokuuzani Nthawi

Mwana amene wakulira mumpingo amamva mawu akuti chipululu pafupifupi Sabata lililonse. Amadziwa kuti Aisraeli anayendamo zaka 40, kuti Eliya anathawiramo, kuti Yesu anayesedwa momwemo. Koma mukamufunsa kuti chipululucho chimaoneka bwanji, amakuuzani za munda wokolola kale m'mwezi wa October. N'zosadabwitsa, poti kwathu kuno ngakhale kuume chotani, pamakhalabe mtengo wa mango penapake ndi mjigo pamudzi woyandikana nawo.

Chipululu chenicheni chiliko, ndipo galimoto imafikako. Ku Namibia, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kuli chipululu cha Namib, ndipo mbali yaikulu ya icho ili m'malo otetezedwa ndi boma. Aakulu mwa malowa ndi Namib-Naukluft National Park, amene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 50,000, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko la Malawi. Kumpoto kwake kuli Dorob National Park, kumene kuli matauni a Walvis Bay ndi Swakopmund, ndipo mukapitirira mumafika ku Skeleton Coast. Banja limene lili ndi ana aang'ono lisalimbane ndi malo onse atatuwa. Awiri oyambawo ndi okwanira, ndipo ngakhale pamenepo mufunika milungu iwiri yathunthu kapena kuposerapo.

Mtunda ndi wautali. Kuchokera ku Lilongwe, kudzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Livingstone, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa pakati pa Sesheke ndi Katima Mulilo, kenako Rundu, Grootfontein ndi Windhoek, mpaka kukafika pachipata cha Sesriem, ndi makilomita pafupifupi 3,000. Ndi ana m'galimoto, amenewo ndi masiku anayi kapena asanu kupita kokha. Abale amene ali ku Johannesburg ali pafupiko, chifukwa msewu wodzera ku Botswana umawafikitsa ku Windhoek atayenda makilomita pafupifupi 1,400. Ku Namibia amayendetsa kumanzere ngati kwathu, ndipo ndalama ya ku South Africa imagwira ntchito mofanana ndi dola ya kumeneko. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake ndi kalata yake yakubadwa, ndipo ngati kholo limodzi latsala kunyumba, lilembe kalata yovomereza yotsimikizidwa mwalamulo. Chigawo cha Katima Mulilo ndi Rundu kuli malungo, choncho masikito asatsale.

Zonsezi ndi za pepala ndi ndalama, ndipo woyendetsa galimoto aliyense amaziganizira. Chimene makolo ambiri saganizira ndi chakuti m'chipululu tsiku silikonzedwa ndi wotchi kapena ndi changu cha bambo wa pakhomo. Limakonzedwa ndi dzuwa.

Sankhani mwezi, kenako sankhani ola

Kuyambira November mpaka March, kutentha kwa masana ku Sesriem kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo mchenga umawotcha kuposa pamenepo. Imeneyo si nyengo yopitako ndi mwana wa zaka zinayi kapena ndi agogo odwala BP. Nthawi yabwino ndi pakati pa May ndi September, ndipo mwamwayi tchuthi cha sukulu cha mu August chimagwera momwemo. Koma musanyengedwe: m'miyezi imeneyi usiku kumazizira kwambiri, nthawi zina mpaka kuyandikira 0. Amene amanyamula malaya opepuka okhaokha poganiza kuti akupita kotentha amagona akunjenjemera mu tenti. Nyamulani majuzi, zipewa zaubweya ndi mabulangete ngati mukupita ku Dedza mu June.

Chipata chakunja cha Sesriem chimatsegulidwa dzuwa likatuluka ndipo chimatsekedwa likalowa. Amene agona pamalo omangapo matenti a mkati mwa mpanda amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke. Ola limenelo ndi lamtengo wapatali kwa banja, n'chifukwa chake ndi bwino kulembetseratu malo a mkatiwo kudakali miyezi ingapo. Kuchokera pachipata, msewu wa phula umayenda makilomita pafupifupi 60 pakati pa mapiri a mchenga wofiira. Pa kilomita ya 45 pali phiri lotchedwa Dune 45, limene anthu ambiri amakwera kukaona dzuwa likutuluka. Makilomita 5 omaliza opita ku Sossusvlei ndi mchenga wokhawokha, ndipo galimoto yosakoka ndi matayala onse anayi imatitimira. Isiyeni pamalo oimikapo, mulipire galimoto zonyamula anthu zimene zimadikira pamenepo.

Malo amene ana sadzaiwala ndi Deadvlei. Mumayenda wapansi mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi, kenako mumatulukira pa bwalo ladongo loyera, lozunguliridwa ndi mapiri a mchenga, limodzi mwa iwo lotalika mamita opitirira 300. Pabwalopo paima mitengo yakuda yaminga, ya mtundu wofanana ndi mthethe. Inafa zaka zoposa 500 zapitazo pamene mchenga unatseka njira ya mtsinje wa Tsauchab, koma siinawole chifukwa kulibe chinyezi choti iwolere. Kilomita imodzi imamveka yochepa, koma ndi ya mumchenga, ndipo kulibe mthunzi ngakhale umodzi. Pofika 10 koloko m'mawa mukhale mukubwerera. Ana avale nsapato zotseka, osati mapatapata. Mchenga umene unali wozizira kumapazi pa 7 koloko umatha kutupitsa matuza pofika masana.

Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko, ntchito ya banja ndi kukhala pamthunzi basi. Bambo amene walipira mafuta a makilomita 3,000 amavutika mumtima kuona ana atangogona pamkeka, amafuna kuti ndalamazo zioneke. Pepani bambo, nthawi imeneyo ngakhale nyama za komweko zimabisala. Madzulo mungathe kupita ku Sesriem Canyon, chigwembe chakuya pafupifupi mamita 30 chimene chili makilomita ochepa kuchokera pamalo ogona. Dzina lakuti Sesriem likuchokera ku Afrikaans ndipo likutanthauza zingwe zachikopa zisanu ndi chimodzi, zimene apaulendo akale ankalumikiza kuti chidebe chifike pa madzi a pansi pa chigwembecho.

Madzi

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. M'chipululu mpweya ndi wouma kwambiri, moti thukuta limauma lisanaoneke pakhungu. Munthu amataya madzi ambiri malaya ake ali ouma, ndiye amaganiza kuti zonse zili bwino. Ana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa matupi awo amatentha msanga, komanso akatengeka ndi masewera a pamchenga sanena kuti ali ndi ludzu.

Werengerani malita 4 mpaka 5 akumwa pa munthu aliyense tsiku lililonse, kupatula ophikira ndi osamba m'manja. Banja la anthu asanu limene likhale masiku atatu likufunika malita 60 mpaka 75, ndiye kuti zigubu zinayi za malita 20. Pamalo ogona pamakhala mipope, koma madzi a m'galimoto si oti mudalire kukatunga kutsogolo. Ndi a tsiku limene tayala lidzaphulike muli kutali ndi aliyense. Musaike onse m'chigubu chimodzi chachikulu, chifukwa chikabooka ndi kugwedezeka kwa msewu mwataya zonse.

Mwana aliyense akhale ndi botolo lake lolembedwa dzina, kuti mayi athe kuona amene sakumwa. Musadikire kuti apemphe. Mpatseni pang'onopang'ono pafupipafupi, ndipo yang'anani mkodzo wake: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, kapena mwana akatha maola ambiri osakodza, madzi achepa m'thupi. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, koma liyamwe pafupipafupi, ndipo mayi woyamwitsayo amwe kuposa wina aliyense. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo sizithetsa ludzu, ndipo thobwa limene amayi angakonze ndi mtima wabwino silichedwa kusasa m'galimoto yotentha. Limweni tsiku loyamba lomwelo.

Nyamulani mapaketi a ORS. Akatha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumunyowetse thupi ndi kumukupiza, ndipo amwe pang'onopang'ono. Koma akayamba kusokonezeka, kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, thupi lili lotentha kwambiri, imeneyo ndi ngozi yoti ingathe kupha. Muthireni madzi thupi lonse, musamukakamize kumwa ngati sakudzidziwa, ndipo funani thandizo nthawi yomweyo osaleka kumuziziritsa. Chipatala chachikulu chili kutali maola angapo, choncho zimene muchite m'mphindi zoyambirira ndi zimene zingamupulumutse. Ndipo mwana asasiyidwe m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi kojambula chithunzi.

Nkhani ya Hagara ndi Ismayeli mu Genesis 21 imamveka mosiyana mukaiwerengera ana kumeneko, botolo lili m'manja.

Lachisanu mufike msanga

Namibia imagwiritsa ntchito nthawi yofanana ndi ya Malawi ndi Zambia, moti wotchi simuisintha. Koma dzikolo lili kumadzulo kwambiri, ndiye dzuwa limachedwa kutuluka ndi kulowa ndi pafupifupi ola limodzi. Mu August, pamene ku Lilongwe likulowa cha m'ma 5:30, ku Sesriem limalowa patadutsa 6:30. Dziwani zimenezi potsegula ndi potseka Sabata, koma musalitenge olalo ngati mpata woti muziyendabe pamsewu.

Konzani ulendo wonse poyambira pa funso lakuti Sabata lililonse lidzakupezani kuti, kenako masiku enawo muwakonze mozungulira pamenepo. Sabata la popita mungathe kulisunga ku Katima Mulilo, chigawo chimene kuli Aadventi ambiri, kapena ku Windhoek. Ngati mukufuna kulisunga m'chipululu momwemo, fikani ku Sesriem Lachisanu masana. Lipirirani chiphaso cholowera cha masiku onse tsiku lomwelo, thirani mafuta, phikani chakudya cha mawa, mangani tenti kudakali kowala. Ana amene anaphunzira za mana a pa tsiku lachisanu ndi chimodzi mu Eksodo 16 adzamvetsa chifukwa chake mayi akuphika miphika iwiri.

Usiku umenewo zimitsani matochi. Malo oyandikana nawo a NamibRand anavomerezedwa mu 2012 kukhala amodzi mwa malo a mdima weniweni osungidwira kuonerako nyenyezi, ndipo thambo la ku Sesriem ndi lomwelo. Mmawa wa Sabata phunziro la ana lili pamchenga pomwepo: mapazi a abuluzi, a nkhandwe, a nthiwatiwa, ndi a oryx, nyama ya nyanga zazitali zowongoka imene imatha nthawi yaitali osamwa, n'kumapeza madzi m'mizu ndi m'zipatso zakuthengo. Kufupi ndi nyanja kuli kachikumbu kakuda kamene kamakwera pamwamba pa mchenga m'bandakucha, n'kuweramitsa mutu kuti nkhungu yochokera kunyanja isanduke timadontho pamsana pake n'kutsikira kukamwa. Musanavale nsapato m'mawa, zikutumuleni, chifukwa zinkhanira za kumeneko, makamaka za mchira wonenepa, ululu wake ndi woopsa kwa mwana.

Chakudya sichivuta kwa ife amene tinazolowera nyemba. Ufa, nyemba, soya, mtedza, chiponde, mbatata ndi malambe sizionongeka ndi kutentha, ndipo ndiwo zothira mchere bwino zimabwezera mchere wotayika m'thukuta. Zipatso ndi masamba mukagule ku Windhoek. Pakati pa Rundu ndi Grootfontein pali chipata choyang'anira matenda a ziweto, chimene salola kudutsa ndi nyama yaiwisi kupita kumwera. Banja losadya nyama limangodutsa likumwetulira. Nkhuni musatole m'malo otetezedwa, gulani kapena phikani pa gasi.

Msewu wafumbi

Ngozi yaikulu ya ulendowu si njoka kapena chinkhanira ayi, koma msewu. Kuchokera ku Sesriem kupita ku Walvis Bay ndi makilomita opitirira 300, ndipo mbali yaikulu ndi ya fumbi ndi timiyala. Msewuwo ndi wotakata ndi wowongoka, moti umanyenga woyendetsa kuti athamange. Pa timiyala matayala sagwira ngati pa phula, ndipo kukhota mwadzidzidzi kapena kuponda buleki mwamphamvu kumagubuduza galimoto. Musapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo pokhota ndi pamene pali timizere tonga malata chepetsaninso. Yatsani nyali ngakhale masana chifukwa cha fumbi. Aliyense amange lamba, ndipo mwana asakhale pamiyendo ya munthu. Usiku musayende, nyama zimadumphira mumsewu.

Thirani mafuta ku Solitaire, kamudzi kamene kali makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Sesriem, chifukwa kuchokera pamenepo mpaka ku Walvis Bay, mtunda wopitirira makilomita 200, simupezanso pothirira. Khalani ndi matayala awiri apadera, jeki yogwira ntchito, thabwa loikapo jekiyo, pampu ndi ndalama zapamanja. Netiweki ya foni imasowa m'malo ambiri, choncho uzani a pamalo amene mukukagona nthawi imene mukuyembekeza kufika. Galimoto ikafa, banja lonse likhale pomwepo, mumange nsalu kapena tenti kuti mupeze mthunzi, ndi kudikira galimoto ina. Bambo asanyamuke wapansi kukafuna thandizo masana.

Mukadutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn ndi zigwembe za Gaub ndi Kuiseb, dziko limasanduka chidikha cha miyala chopanda kanthu, kenako mwadzidzidzi mpweya umazizira ndipo mumanunkhiza nyanja. Ku Swakopmund kumakhala nkhungu ndi mphepo yozizira pafupifupi chaka chonse, choncho majuzi aja akhale pamwamba pa katundu, osati pansi pa zigubu.