Nkhunzi yodzaza khola ingakuphereni ng'ombe

Mwezi wathawu ndinaitanidwa usiku ku Seke, pafupi ndi Chitungwiza, ndi bambo ena amene makolo awo anachokera ku Malawi. Msoti wawo wa Jersey unali utavutika kuyambira masana, thole litakakamira panjira. Tinalitulutsa litafa kale, ndipo mayi wake mpaka lero sakuima bwino. Nditafunsa nkhunzi imene anakweretsa, anayankha monyadira kuti inali Charolais ya aneba, chinkhunzi chodzaza khola.

Ndatopa nako kumva kuti nkhunzi ikakula ndiye kuti ndalama zichuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thole la Jersey limabadwa lolemera makilogalamu pafupifupi 25, pomwe la Charolais limapitirira 40. Kodi chiuno cha mayi chikula chifukwa bambo ndi wamkulu? Ng'ombe yobereka movutikira imachedwa kutenganso bere, kawirikawiri chiberekero chimalowa matenda, mkaka n'kuchepa. Mlimi wa mkaka amadyera mkakawo, thole la nyama ndi basela chabe. Tsono bwanji kutaya katundu chifukwa cha basela?

Brahman nayo, ngakhale timaikonda kuno chifukwa imapirira kutentha ndi nkhupakupa, ili ndi vuto lake. Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 283, koma la Brahman limapitirirako, ndipo ikakwera ng'ombe yachizungu thole limakulira m'mimba, makamaka likakhala lalimuna. Pa msoti woyamba kubereka, ine ndimakana.

Chondiwawa n'chakuti mankhwala tili nawo pakhomo koma timawanyoza. Mashona ndi Tuli, imene munthu wina dzina lake Len Harvey anayamba kuisankha m'zaka za m'ma 1940, zimabereka mathole ang'onoang'ono otuluka mosavuta, amene amakula bwino pa msipu wathu womwewu. Angus nayo ndi yabwino, ndipo ana ake amabadwa opanda nyanga, kungoti imafuna chakudya chokwanira ndi dibi yosadumphitsa, poti matenda a nkhupakupa otchedwa January disease sanatichoke.

Pogula, funsani EBV. Ndi manambala oyerekeza zimene nkhunzi ipatsire ana ake, ndipo alimi olembetsa ku Zimbabwe Herd Book ambiri amakhala nawo. Yang'anani kaye nambala ya kulemera kwa thole pobadwa, ikhale yotsika. Ndi kuyerekeza chabe, si lonjezo, koma kumaposa maso. Nkhunzi yobwereka iyezedwe brucellosis, matenda ochotsa bere amene amagwiranso anthu akamwa mkaka wosawiritsa. Holstein yaikulu imene yabereka kangapo mwina ingakwanitse nkhunzi ya Simmental, koma mlangizi wa ziweto aione kaye. Ndipo ng'ombe zanu zotulutsa mkaka wambiri zisiyireni nkhunzi ya mkaka. Mukazikweretsa zonse ku nkhunzi ya nyama, pakatha zaka zochepa mudzasowa misoti yolowa m'malo mwa zokalamba.