Jimmy Carter: msilikali wapanyanja amene anasunga banja zaka 77

A Jimmy Carter atamwalira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100, dziko lonse linalira mtsogoleri wakale wa America. Koma kwawo ku Plains, katauni ka alimi a mtedza m'chigawo cha Georgia, ankawadziwanso monga msilikali wapanyanja komanso mwamuna wa mayi Rosalynn, amene anakhala nawo pabanja zaka 77. Palibe mtsogoleri wina wa dzikolo amene banja lake linatha zaka zochuluka chotere.

Awiriwa anakulira dera limodzi. Mayi a Carter, a Lillian, anali namwino ndipo ndiwo anathandiza pa kubadwa kwa Rosalynn mu 1927. Ukwati unachitika pa 7 Julaye 1946, mnyamatayo atangomaliza maphunziro a usilikali wapanyanja ku Annapolis. Anayamba ntchito m'sitima zankhondo, kenako n'kulowa m'sitima zoyenda pansi pa nyanja. Pambuyo pake anasankhidwa ndi Hyman Rickover, mkulu wa asilikali wodziwika ndi kuuma mtima pa ntchito, kuti akhale m'gulu lokonza sitima zoyendera mphamvu ya nyukiliya.

Kulimba mtima kwawo kunaoneka ngozi itachitika pa makina a nyukiliya ku Chalk River m'dziko la Canada kumapeto kwa 1952. A Carter anatsogolera kagulu ka asilikali kokathandiza kuphwasula makinawo. Poizoni wake anali woopsa moti munthu ankaloledwa kukhala mkatimo masekondi 90 okha, kenako n'kutuluka kuti alowe mnzake.

Chiyeso chachikulu cha banjali chinabwera mu 1953, bambo awo a Carter atamwalira. A Carter anaganiza zosiya usilikali n'kubwerera kumudzi kukayendetsa bizinesi ya mtedza, koma sanafunse maganizo a akazi awo. Mayi Rosalynn, amene anali atazolowera moyo wodziimira paokha kutali ndi kwawo, zinawapweteka kwambiri moti pa ulendo wobwerera ku Plains sankafuna n'kulankhula nawo komwe. Atakula, a Carter ankanena poyera kuti analakwa.

Kuchokera pamenepo zinthu zinasintha. Mayiwo anayamba kusunga mabuku a ndalama za bizinesiyo mpaka anaidziwa bwino kuposa amuna awo. Mutu umodzi susenza denga: a Carter atakhala bwanamkubwa wa Georgia mu 1971, kenako pulezidenti kuyambira 1977 mpaka 1981, mayi Rosalynn anali mlangizi wawo wapamtima, ndipo nthawi zina ankakhala nawo pa misonkhano ya nduna. Usiku ankawerengera limodzi Baibulo, ndipo anapangana zosagona asanathetse mkangano.

Atachoka pampando, mu 1982 anakhazikitsa limodzi bungwe la Carter Center. Ntchito yake yafika mpaka kuno kwathu: mu 1991 a Carter anatsogolera gulu loyang'anira chisankho cha ku Zambia, pomwe a Frederick Chiluba anagonjetsa a Kenneth Kaunda. Bungweli lalimbananso ndi matenda a nyongolotsi ya Guinea, amene mu 1986 ankagwira anthu pafupifupi 3.5 miliyoni pachaka, koma pofika 2023 odwala anali osakwana 20. Mu 2002 a Carter analandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Mayi Rosalynn anamwalira pa 19 Novembala 2023 ali ndi zaka 96, atavutika ndi matenda oiwalaiwala. Ngakhale a Carter anali atafooka kwambiri, anaumirira kukakhala nawo pa mwambo wa maliro ali pa njinga ya olumala. Onse awiri anaikidwa pakhomo pawo ku Plains.

Banja la a Carter silinali lopanda mikangano. Linalimba chifukwa mwamuna amene anazolowera kulamula ku usilikali anaphunzira kufunsa ndi kumvera akazi ake. Abambo amene amamanga mfundo za pakhomo okha ali ndi phunziro pamenepa.