Kugulitsa nyumba ya lendi sikuthawa msonkho

Pa boma la Dedza ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Chimbiya, Linthipe ndi Bembeke, amalonda ambiri amene anapezako kangachepe pa mbatatesi, nyemba kapena kaunjika anathira ndalama zawo m'njerwa. Wina anamanga mdadada wa zipinda kuseri kwa golosale, wina mashopu awiri kapena atatu, wina nyumba yoti muzikhala aphunzitsi, anamwino kapena ogwira ntchito pa chipata cha Dedza. Kwa munthu wodzilemba yekha ntchito, nyumba zimenezi ndiye penshoni yake.

Koma simenti ndi malata zakwera, alendi ena amatha miyezi osalipira, khonsolo ikufuna zake, ndipo bungwe lotolera misonkho la MRA nalo limafuna gawo lake pa ndalama za lendi. N'chifukwa chake eni nyumba ena amafika poganiza zongogulitsa kuti apume. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti tsiku logulitsa ndi limene nkhani zonse za msonkho ndi mapepala zimatulukira poyera.

Msonkho wa pa lendi

Malinga ndi lamulo la misonkho la Taxation Act, lendi ndi ndalama zimene munthu wapeza, chimodzimodzi malipiro a pantchito kapena phindu la mu shopu. Mwininyumba amayenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN, n'kumauza MRA zimene wapeza pa chaka.

Msonkhowu umatoleredwa m'njira ziwiri. Ngati wochita lendi ndi kampani, bungwe, nthambi ya boma kapena bizinesi imene inalembetsa kuti izidula msonkho, iye amadula K20 pa K100 iliyonse asanalipire mwininyumba, n'kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mwachitsanzo, pa shopu ya K200 000 pa mwezi, mwininyumba amalandira K160 000 ndipo K40 000 imapita ku MRA. Ngati wochita lendi ndi munthu wamba amene akungokhalamo ndi banja lake, nthawi zambiri sadula kanthu, ndiye udindo wonse wonena za ndalamazo umatsalira mwininyumba.

Apa m'pamene ambiri amaluzira ndalama mosadziwa. K40 000 yodulidwa ija si msonkho womaliza, ndi yongotsogoza. Chaka chikatha, mwininyumba amaphatikiza zonse zimene wapeza, n'kuchotsapo zimene anawononga kuti lendiyo ipezeke: kukonzetsa denga lodontha, kupaka penti, msonkho wa ku khonsolo, inshuwalansi, ndi chiwongoladzanja cha ngongole imene anamangira nyumbayo. Msonkho umawerengedwa pa zotsalazo, ndipo gawo loyamba la ndalama zimene munthu amapeza pa chaka silidulidwa msonkho. Zimene zinadulidwa kale zimachotsedwa pa msonkho wofunikawo. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha ngati mwininyumba akusunga malisiti, komanso ngati amaitanitsa chiphaso chosonyeza kuti wochita lendi anaperekadi ndalama zodulidwazo ku MRA. Wopanda mapepala amalipira msonkho pa ndalama zimene zinathera kwa mmisiri.

Kumanga chipinda chatsopano sikuwerengedwa ngati kukonzetsa. Komabe malisiti ake ndi ofunika kuwasunga, chifukwa amadzagwira ntchito tsiku logulitsa.

Khonsolo ndi unduna wa za malo

MRA siili yokha. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yotolera msonkho wa pa nyumba m'madera amene nyumba zake zinawerengedwa mtengo, komanso ndalama za malaisensi a bizinesi. Amene malo ake ndi a liizi amalipiranso chaka ndi chaka ndalama ya malo ku boma, imene pa ofesi amaitcha ground rent. Ndalama zimenezi zimaoneka zochepa pa chaka chimodzi, koma zikaunjikana zaka khumi zimasanduka ngongole yoti wogula sangavomere kuisenza.

Palinso lamulo la mapulani la Physical Planning Act la 2016, limene limafuna chilolezo munthu asanamange kapena kusintha ntchito ya nyumba, monga kusandutsa nyumba yogona kukhala malo ogulitsira mowa. M'mbali mwa misewu ikuluikulu ngati M1, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali zonse ziwiri ndi malo a msewu. Shopu imene inalowa m'malo amenewa ikhoza kubweretsa lendi yabwino lero chifukwa ili pamaso pa anthu, koma wogula wochenjera amaitsitsa mtengo podziwa kuti tsiku lina ikhoza kuikidwa chizindikiro choti igwetsedwe.

Tsiku logulitsa

Nyumba ya mapepala siisintha dzina popanda chiphaso cha MRA chotchedwa tax clearance, chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho. Munthu amene wakhala akulandira lendi zaka zambiri osanena kanthu akhoza kufunsidwa za zaka zimenezo pa nthawi yomwe wogula ali chilili kudikira, ndipo pa msonkho wochedwa pamabwera chilango ndi chiwongoladzanja. Ndiye amene akugulitsa pofuna kuzemba MRA amakhala akudzipereka yekha pakhomo pa MRA.

Kenako pali msonkho wa pa phindu logulitsira. Sawerengera pa mtengo wonse ayi, koma pa kusiyana kwa mtengo wogulitsira ndi ndalama zimene zinalowa pogula kapena pomanga. Lamulo limalola kuti ndalama zakalezo zikwezedwe potengera mmene mitengo ya zinthu yakwerera, pogwiritsa ntchito ziwerengero za ofesi ya National Statistical Office. Mwachitsanzo, ngati mdadada unamangidwa ndi K8 miliyoni, ndipo powerengera kukwera kwa mitengo ndalamazo zafika pa K20 miliyoni, mwini akagulitsa pa K30 miliyoni phindu lokhomeredwa msonkho ndi K10 miliyoni. Phindulo limaphatikizidwa ndi ndalama zina zimene wapeza chaka chimenecho. Koma amene anataya malisiti a simenti, matabwa ndi malata amavutika kutsimikiza kuti K8 miliyoni ija inalowadi, ndipo phindu lake limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili.

Nyumba imene munthu amakhalamo yekha ngati khomo lake lenileni siikhomeredwa msonkho umenewu akaigulitsa, chimodzimodzinso nyumba imene yasintha dzina pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Nyumba ya lendi ndi shopu sizili m'gulu limeneli.

Pamwamba pa apo pali msonkho wa sitampu, stamp duty, womwe ndi K1.50 pa K100 iliyonse ya mtengo wa nyumba. Pa K30 miliyoni ndi K450 000. Kawirikawiri amalipira ndi wogula, koma wogula amaukumbukira pamene akunenerera mtengo. Loya, woyeza mtengo wa nyumba ndi ejenti nawonso amadyapo. Ngati malo ndi a liizi, pamafunikanso chilolezo cha amene anapereka liiziyo asanasinthe dzina.

Malo a mafumu ndi chuma chamasiye

Nyumba zambiri za m'misika ya m'boma la Dedza zili pa malo a makolo, ndipo umboni wake ndi kalata ya anyakwawa kapena agulupu basi. Malamulo a malo a 2016, amene anasinthidwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi komanso njira yolembetsera malo a makolo m'dzina la munthu kapena banja. Kusintha kwa 2022 kunakhwimitsanso zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino, ndi zogulitsa malo a mapepala amene sanamangidwepo kanthu. Ku Dedza, kumene malire ndi Mozambique ali pafupi ndipo malonda amadutsa tsiku ndi tsiku pakati pa Dedza ndi Calomue, wogulitsa ayenera kuona chiphaso cha unzika cha wogula asanalandire ndalama iliyonse.

Nyumba yopanda mapepala imagulidwa motchipa pa chifukwa chimodzi chachikulu: banki siingailandire ngati chikole, ndiye ogula ake ndi okhawo amene ali ndi ndalama m'manja, ndipo otere amanenerera mopanda chisoni.

Nyumba yosiyidwa ndi malemu ili ndi lamulo lakenso, la chuma chamasiye la 2011. Mwana mmodzi, amalume kapena achimwene a malemu sangagulitse pa okha popanda chilolezo cha khoti choyendetsera chumacho, ndipo kulanda chuma cha mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Kudera ngati la Dedza, kumene mabanja ambiri amatsata mwambo wa chikamwini, nyumba imatha kumangidwa ndi ndalama za bambo pa malo a kuchikazi. Wogula amene sanafunse mbali zonse ziwiri amagula mlandu. Paja safunsa anadya phula.

Ndalama m'manja kapena njerwa?

Funso lomaliza ndi la kumene ndalamazo zipite nyumba ikagulitsidwa. Mu May 2022 ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700 m'mabanki. Munthu amene anagulitsa nyumba pa K30 miliyoni mu October 2023 n'kusunga ndalamazo anali ndi madola pafupifupi 25 400. Patangotha milungu yochepa, ndalama zomwezo zinali madola pafupifupi 17 600. Nyumba ija inali chiimire, ndipo mtengo woimangira ina yofanana nayo unali utakwera. Kuika ndalama ku banki nakonso sikuthawa msonkho, chifukwa chiwongoladzanja chimadulidwanso K20 pa K100 iliyonse.

Izi sizikutanthauza kuti kugulitsa n'kulakwa nthawi zonse. Masamu ake ndi osavuta. Mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi za K25 000 chilichonse umabweretsa K1.8 miliyoni pa chaka ngati zonse zili ndi anthu ndipo onse akulipira. Mwini achotsepo miyezi imene zipinda zinali zopanda anthu, ngongole za alendi othawa, zokonzetsa, za khonsolo ndi msonkho. Zotsalazo aziyerekeze ndi phindu limene mpamba womwewo ungabweretse pa bizinesi imene iye amaidziwa bwino, atachotsa kale zonse zodulidwa pa tsiku logulitsa. Ngati denga latha, chimbudzi chadzadza, malo ali mumsewu, ndipo pali oda yodalirika yofuna mpamba, kugulitsa kukhoza kukhala nzeru. Koma ngati chifukwa chake ndi mantha a kalata ya MRA okha, kupita ku ofesi kukalembetsa ndi kukambirana za kalipiridwe ka ngongole yakale kumatchipa kusiyana ndi kutaya nyumba pa mtengo wa changu.

Wochita lendi achenjerenso

Nkhaniyi ikukhudzanso wamalonda amene alibe nyumba koma amachita lendi shopu kapena chipinda chosungira katundu. Mwininyumba akapanikizika ndi misonkho amakweza lendi, ndipo akagulitsa, mwini watsopano amabwera ndi mtengo wake kapena ndi m'bale wake woti alowemo. Wamalonda amene wazolowetsa makasitomala pamalo amodzi kwa zaka zisanu amataya zambiri kuposa chipinda.

Chitetezo chake ndi pepala. Mgwirizano wolembedwa, ngakhale wa tsamba limodzi, unene lendi ya pa mwezi, nthawi imene ingakwezedwe, miyezi ya notisi, ndi chimene chidzachitike nyumba ikagulitsidwa. Ndalama iliyonse yolipiriratu ikhale ndi lisiti, kapena idutse pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki kuti umboni utsale. Amene waika mashelefu, zitsulo za m'mawindo kapena simenti ya pansi ndi ndalama zake alembe kuti zidzachotsedwa pa lendi kapena adzabwezeredwa potuluka. Aonetsetsenso kuti mita ya ESCOM ndi bilu ya Central Region Water Board zilibe ngongole ya amene analipo kale.

Mwininyumba amene akufuna kugulitsa achita bwino kuuza alendi ake nthawi ikadalipo, osati adzangoona alendo akuyeza khonde. Mkangano wa lendi umathera ku khoti la majisitireti, ndipo kuzula chitseko kapena kusasula malata pofuna kutulutsa munthu kukhoza kumuika mwininyumba pa mlandu wina pamwamba pa umene ali nawo kale. Nyumba yokhala ndi alendi olipira bwino, kaundula wa lendi, malisiti a khonsolo ndi TPIN yopanda ngongole ndi imene imagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo mwini wake akaona mabuku ake ali m'malo, nthawi zina amapeza kuti panalibe chifukwa choigulitsira.